Hypoxanthine, kanthu kakang'ono kokhala pamphambano

Chitosi cha mbalame chimakhala ndi mbali ziwiri, yakuda ndi yoyera. Yakudayo ndi zotsala za chakudya. Yoyerayo, yooneka ngati laimu, ndiwo mkodzo wake. Mbalame siitaya madzi ambiri pokodza ngati mmene timachitira ife. Naitirojeni amene thupi lake lathana naye imamuumba kukhala phala loyera la uric acid, n'kulitulutsa pamodzi ndi zinazo. Abuluzi ndi njoka amachitanso chimodzimodzi.

M'zaka za m'ma 1940, John Buchanan ndi anzake a pa yunivesite ya Pennsylvania anaona kuti phala limeneli lingawayankhe funso lomwe linkawavuta. Ankapatsa nkhunda tinthu ting'onoting'ono tokhala ndi maatomu oikidwa chizindikiro, kenako n'kutola zitosi, kupatula uric acid, ndi kumuphwanya kuti aone pamene atomu iliyonse yakakhala. Ntchito yonyansa ndithu, koma ndi imene inaonetsa kumene thupi limatenga zipangizo zomangira ma purine: mbali ina kuchokera ku glycine, ina ku mpweya wa carbon dioxide, ina ku formate. Pambuyo pake zinadziwika kuti maatomu a naitirojeni otsalawo amachokera ku glutamine ndi aspartate.

Purine ndi dzina la banja la mamolekyulu okhala ndi mphete ziwiri zolumikizana, ina ya ngodya zisanu ndi imodzi, ina ya ngodya zisanu, zopangidwa ndi kaboni ndi naitirojeni. Otchuka m'banjamo ndi adenine ndi guanine, zilembo ziwiri mwa zinayi zimene DNA imalembera malangizo a moyo. ATP, amene amanyamula mphamvu m'selo lililonse, ali ndi adenine pamutu pake. Caffeine nayenso ndi wa fuko lomweli. Koma amene ndikufuna timuyang'anitsitse ndi wina wosatchuka, wotchedwa hypoxanthine. Iyeyu si chilembo cha DNA, sanyamula mphamvu, ndipo m'magazi a munthu wathanzi amapezekamo wochepa kwambiri. Kufunika kwake kuli pa malo amene amakhala. Purine amene wagwira ntchito yake n'kutha amafika pa iye, ndipo pamenepo m'pamene pamagamulidwa ngati abwezedwe kuntchito kapena atayidwe.

Kuti timvetse bwino, tiyike abale atatu pamzere. Onse ali ndi maatomu 5 a kaboni, 4 a haidirojeni ndi 4 a naitirojeni. Chowasiyanitsa ndi okosijeni basi. Hypoxanthine ali ndi atomu imodzi ya okosijeni, xanthine ali ndi ziwiri, uric acid ali ndi zitatu. Chodabwitsa n'chakuti akatswiri anawapeza mobwerera chambuyo, kuyambira kumapeto. Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden anapatula uric acid m'miyala ya m'chikhodzodzo mu 1776. Alexander Marcet anapeza xanthine mu 1817, nayenso m'mwala wotero, ndipo dzinali likuchokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza chikasu, chifukwa cha mtundu umene unkatsala akathirapo asidi wa nitric. Johann Joseph Scherer wa ku Germany ndiye anapeza wachitatuyu mu 1850, ndipo “hypo” akutanthauza “pansi pa”, poti ali pansi pa xanthine ndi okosijeni mmodzi. Dzina la banja lonse linabwera mochedwa. Emil Fischer ndi amene anapeka liwu loti purine mu 1884, kuchokera ku mawu awiri a Chilatini, purum ndi uricum, ndipo anadzapanga purine weniweniyo m'labotale mu 1898. Choncho banja lonse, kuphatikizapo zilembo za DNA, linatchulidwa potengera chinthu cha mumkodzo.

Selo lili ndi njira ziwiri zopezera ma purine. Yoyamba ndi kumanga kuchokera pachiyambi penipeni. Limatenga shuga wina wokonzedwa mwapadera, wotchedwa PRPP, ngati maziko, n'kumaikapo atomu ndi atomu m'masitepe khumi mpaka mphete ziwiri zija zitatsekeka. Chotuluka pamenepo ndi IMP, ndipo IMP si china ayi koma hypoxanthine womangiriridwa ku shuga ndi phosphate. Kuchokera pa IMP njira imagawika: mbali ina imapita ku adenine, ina ku guanine. Ndiye kuti adenine ndi guanine aliyense amene selo lamanga lokha anayamba wakhalapo hypoxanthine. Njira imeneyi ndi yodula. Imadya ATP wambiri, imafuna vitamini wa folate, ndipo imachitika kwambiri m'chiwindi ndi m'maselo amene akugawikana msanga.

Njira yachiwiri ndi kutolera zakale. Nyumba ikagwa, womanga wanzeru sathamangira kukaumba njerwa zatsopano, amayamba wasankha zamphumphu pa mulu wa zogumukazo. Selo nalo likaphwanya RNA yakale (mbale wa DNA wonyamula makope a malangizo ake) kapena ATP wotha mphamvu, mphete za purine zimatsala zamphumphu. Enzaimu (puloteni yofulumizitsa kusintha kwa zinthu m'selo) yotchedwa HPRT imagwira hypoxanthine, kumulumikiza ku PRPP, ndipo pa sitepe imodzi yokha IMP wabwerera. Imachitanso zomwezo ndi guanine. Pafupifupi magawo 9 mwa 10 a ma purine omasuka m'thupi amapulumutsidwa chonchi. Ubongo umadalira kwambiri njira imeneyi, ndipo maselo ofiira a magazi satha n'komwe kumanga purine kuchokera pachiyambi.

Taonani zimene zimachitika munthu akathamanga liwiro la mtondo wadooka. Minofu imadya ATP mofulumira kuposa mmene ingamubwezeretsere. ATP amataya phosphate mmodzi, kenako wina, n'kukhala AMP. Kuti AMP asaunjikane, mnofu umamusandutsa IMP. Munthuyo akapuma, IMP wambiri amabwerera kukakhalanso ATP, koma wina amataya phosphate wake n'kukhala inosine, ndipo inosine akataya shuga pamatsala hypoxanthine. Iyeyu, popeza alibenso phosphate womutsekera mkati, amadutsa khungu la selo n'kulowa m'magazi. N'chifukwa chake akayeza magazi a munthu amene wangomaliza mpikisano wolimba amapeza hypoxanthine wakwera kwambiri, ndipo pakapita kanthawi uric acid nayenso amakwera. Hypoxanthine akachuluka m'magazi, kawirikawiri ndiye kuti penapake m'thupi maselo agwiritsa ntchito mphamvu zoposa zimene anali nazo.

Amene sanatoledwe ndi HPRT amakumana ndi enzaimu ina, xanthine oxidase, yopezeka kwambiri m'chiwindi ndi m'matumbo. Enzaimu imeneyi ili ndi atomu ya chitsulo chosowa cha molybdenum pakati pake, ndipo imodzi yomweyo imagwira ntchito ziwiri: imawonjezera okosijeni pa hypoxanthine kuti akhale xanthine, n'kuwonjezeranso wina kuti akhale uric acid. Kwa munthu, uric acid akangopangidwa palibenso kubwerera. Impso zimatulutsa pafupifupi magawo awiri mwa atatu, matumbo amatulutsa otsalawo. Xanthine oxidase imapezekanso yambiri mumkaka wa ng'ombe. Franz Schardinger anaona ntchito yake mumkaka mu 1902, ndipo kwa zaka zambiri ofufuza akaifuna ankangoyamba ndi mafuta a pamwamba pa mkaka.

Nyama zambiri zoyamwitsa sizithera pa uric acid. Zili ndi enzaimu ina, uricase, imene imamuphwanya kukhala allantoin, chinthu chosungunuka mosavuta m'madzi. Ife anthu, pamodzi ndi anyani akuluakulu monga chimpanzi ndi gorila, jini ya uricase, kutanthauza chigawo cha DNA chokhala ndi malangizo oipangira, tili nayo koma inawonongeka zaka mamiliyoni ambiri zapitazo, moti siigwira ntchito. Kuwonjezera apo, impso zathu zimabweza m'magazi pafupifupi 90 peresenti ya uric acid amene zasefa. Zotsatira zake n'zakuti timayenda ndi uric acid wochuluka kangapo kuposa wa galu kapena khoswe, pafupi kwambiri ndi malire a kusungunuka kwake, omwe ali pa mamiligalamu 6.8 pa desilita ya magazi. Mu 1981 Bruce Ames ndi anzake anapereka maganizo akuti kuchulukaku kuli ndi phindu, poti uric acid amateteza maselo ku tinthu towononga tochokera ku okosijeni. Phindu lingakhalepo, koma mtengo wake ndi wodziwika bwino kuposa phindulo.

Malire aja akapyoledwa kwa nthawi yaitali, uric acid amaundana kukhala timakristo tosongoka ngati singano m'malo olumikizana mafupa. Amakonda pa chala chachikulu cha kuphazi, pomwe pamazizira kuposa pakati pa thupi. Wodwala amagona bwinobwino, n'kudzidzimuka pakati pa usiku chala chitatupa, chitafiira, chikuwawa moti ngakhale nsalu yofunda kuchikhudza amalira nayo. Imeneyi ndi gout, mtundu wa nyamakazi umene madokotala akale a ku Greece ankaudziwa kale. Antonie van Leeuwenhoek anaona timasingano timeneti pa maikulosikopu yake mu 1679 osadziwa kuti n'chiyani. Alfred Garrod wa ku London ndi amene anaonetsa mu 1848 kuti magazi a odwala gout ali ndi uric acid wochuluka, ndipo anakonza njira yoyezera yosavuta mochititsa kaso: kuviika ulusi m'madzi a magazi othira asidi pang'ono, n'kudikira kuti timakristo timere pa ulusiwo. Anthu ambiri amaloza chala nyama ndi mowa, ndipo n'zoona kuti zimawonjezera. Koma kwa odwala ambiri gwero lake ndi impso zimene sizitulutsa uric acid mokwanira, kawirikawiri chifukwa cha chibadwa. Kumangouza munthu kuti asale zakudya, osamupatsa mankhwala, n'kumusenzetsa mlandu umene mbali yaikulu si wake.

Mankhwalawo anapezeka pamene ankafuna zina. George Hitchings ndi Gertrude Elion, a pa kampani ya Burroughs Wellcome ku America, anaganiza kuti popeza maselo a khansa amagawikana msanga ndipo amafuna ma purine ambiri, angathe kunamizidwa ndi purine wabodza. Mu 1951 Elion anatenga hypoxanthine, kuchotsa atomu ya okosijeni ija ndi kuikapo ya sulfur. Chotuluka chinali 6-mercaptopurine. Enzaimu ya HPRT imamutola ngati hypoxanthine weniweni, n'kumulowetsa m'selo ngati katundu wabwino, ndipo akalowa amatsekereza kupangidwa kwa DNA. Mpaka lero mankhwalawa ndi msana wa chithandizo cha khansa ya m'magazi ya ana. Kuchokera kwa iwo kunabadwa azathioprine, amene anathandiza kuti impso yoperekedwa ndi munthu wina isakanidwe ndi thupi.

Vuto linali lakuti xanthine oxidase nayo inkanamizika, n'kumaphwanya mankhwalawo asanagwire ntchito mokwanira. Pofuna kuitseka pakamwa, anayesa allopurinol, molekyulu yokhala ndi maatomu ofanana ndendende ndi a hypoxanthine, kungoti kaboni mmodzi ndi naitirojeni mmodzi anasinthana malo. Enzaimu imaigwira, kuisandutsa oxypurinol, ndipo oxypurinol amakakamira pa molybdenum paja osachokapo msanga. Pa khansa sizinathandize monga ankayembekezera. Koma anaona kuti uric acid wa odwalawo watsika, chifukwa ma purine ankaima pa hypoxanthine ndi xanthine, ndipo hypoxanthine wambiri ankabwezedwa kuntchito ndi HPRT. Allopurinol anavomerezedwa ku America mu 1966 ngati mankhwala a gout, ndipo Elion ndi Hitchings analandira mphoto ya Nobel mu 1988 pamodzi ndi James Black. Mbiri imeneyi ili ndi chenjezo lake mpaka pano: munthu amene akumwa azathioprine kapena 6-mercaptopurine akapatsidwanso allopurinol popanda kuchepetsa kwambiri mlingo wa oyambawo, mankhwala amaunjikana m'thupi n'kuwononga mafuta a m'mafupa opanga magazi.

Kwa nthawi yaitali akatswiri ankaona njira yotolera zakale ija ngati kungosunga chuma chabe, chinthu chothandiza koma chosafunikira kwenikweni. Chimene chinasintha maganizo amenewa ndi ana awiri apachibale amene anafika pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore. Michael Lesch, yemwe panthawiyo anali wophunzira udokotala, ndi William Nyhan, dokotala wa ana, anafotokoza za matenda awo mu 1964. Anawo anali ndi uric acid wochuluka modabwitsa, sankatha kuyenda kapena kukhala tsonga, minofu yawo inkapotokola thupi mosalamulirika, ndipo ankadziluma milomo ndi zala mpaka kuduka. Mu 1967 Jarvis Edwin Seegmiller ndi anzake anapeza chifukwa chake: enzaimu ya HPRT mwa ana otere mulibe. Jini yake ili pa kromozomu ya X, mtolo wa DNA umene mnyamata amakhala nawo umodzi wokha pomwe mtsikana ali nayo iwiri, n'chifukwa chake matendawa amagwira pafupifupi anyamata okhaokha, mwana mmodzi pa ana pafupifupi 380,000 obadwa. Chizindikiro choyamba chimene makolo ambiri amaona ndi timchenga ta mtundu wa lalanje m'thewera.

Chomvetsa chisoni n'chakuti anawa amamva ululu ngati wina aliyense, ndipo safuna kudzivulaza. Ambiri amakhala odekha akamangidwa manja, n'kuchita mantha akamasulidwa, chifukwa amadziwa chimene dzanja kapena mano awo achite. Mbali ya uric acid ndi yomveka bwino. Hypoxanthine alibe womutola, ndiye yense amatsikira kwa xanthine oxidase. PRPP amene akanagwiritsidwa ntchito potolera amaunjikana, n'kumakankha selo kuti limange ma purine atsopano ochuluka, omwenso amathera komweko. Allopurinol amatsitsa uric acid n'kuteteza impso za anawa. Koma kudziluma sikusiya, zomwe zikusonyeza kuti chowononga ubongo si uric acid. Zoyeza zaonetsa kuti mbali za ubongo zolamulira kayendedwe ka thupi zimakhala ndi dopamine wochepa kwambiri, chinthu chimene maselo a ubongo amatumizirana nacho mauthenga. Ofufuza atapanga mbewa zopanda HPRT mu 1987, anayembekezera kuona matenda omwewo. Mbewazo zinakula, kudya ndi kuyenda bwinobwino, osadziluma, ngakhale kuti dopamine wa muubongo mwawo anali wotsika. Ngakhale zinakhumudwitsa ofufuzawo, jini yomweyi ndi imene Mario Capecchi ndi Oliver Smithies anaigwiritsa ntchito posonyeza kuti n'zotheka kusintha jini imodzi yosankhidwa m'maselo a mbewa, ntchito imene inawapatsa mphoto ya Nobel mu 2007 pamodzi ndi Martin Evans.

Chifukwa chimene anasankhira jini imeneyi chikutifikitsa pa nzeru imene ine ndimaiona kuti ndi yokongola kuposa zonse m'nkhaniyi. Ngati selo lili ndi njira ziwiri zopezera ma purine, ndiye kuti mukatseka imodzi, maselo okhawo amene ali ndi inayo ndi amene apulumuke. Waclaw Szybalski ndi Elizabeth Szybalska anakonza madzi olerera maselo pa mfundo imeneyi mu 1962, ndipo John Littlefield anawagwiritsa ntchito posankha maselo osakanizidwa mu 1964. Madziwo amatchedwa HAT, kuchokera ku zilembo zoyamba za zinthu zitatu zothiramo. Aminopterin amatseka njira yomanga kuchokera pachiyambi, poletsa folate kugwira ntchito. Hypoxanthine amaikidwamo ngati chakudya cha njira yotolera. Thymidine, chipangizo china cha DNA, amaikidwamo chifukwa aminopterin amaletsanso selo kumupanga. Selo lokhala ndi HPRT limadya hypoxanthine n'kukhala ndi moyo. Lopanda HPRT limafa ndi njala chakudya chili pakamwa.

Mu 1975, ku Cambridge, Georges Köhler ndi César Milstein ankafuna selo lotulutsa mosalekeza mtundu umodzi wokha wa antibody, puloteni ya chitetezo cha thupi imene imazindikira ndi kugwira chinthu chachilendo. Maselo a chitetezo ochokera m'mbewa amapanga ma antibody abwino koma amafa pakangopita masiku ochepa m'mbale ya labotale. Maselo a khansa ya myeloma safa, koma sapanga antibody amene mukufuna. Akawasakaniza kuti alumikizane, ochepa kwambiri ndi amene amalumikizanadi, ndipo ochepawo amasowa pakati pa mamiliyoni a enawo. Ndiye muwapeza bwanji? Anasankha maselo a myeloma opanda HPRT. Atawasakaniza ndi a chitetezo aja, anathira zonse mu HAT. A myeloma osalumikizana anafa chifukwa njira zonse ziwiri zinali zotsekeka. A chitetezo osalumikizana anafa okha, nthawi yawo itakwana. Otsala anali olumikizana okha, amene anatenga HPRT ndi antibody kwa kholo lina, ndi kusafa kwa kholo linalo. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, pansi pa timaenje ta mbale pamaoneka timagulu ta maselo owala, tikukula pakati pa zinyalala za akufa. Umu ndi mmene ma monoclonal antibody, ma antibody ofanana ndendende ochokera ku selo limodzi, anabadwira. Kamzere kamene kamaoneka pa kachipangizo koyezera mimba kapena malungo kamadalira ma antibody otere, ndipo mankhwala ambiri a khansa ndi a nyamakazi a masiku ano ndi zidzukulu za njirayi. Köhler ndi Milstein analandira mphoto ya Nobel mu 1984 pamodzi ndi Niels Jerne.

Palinso zamoyo zimene zinabadwa ndi njira imodzi yokha. Tizirombo ta malungo, Plasmodium, sititha kumanga mphete ya purine ngakhale imodzi. Timaba kwa mwini thupi, ndipo chimene timadalira kwambiri ndi hypoxanthine. William Trager ndi James Jensen atakwanitsa kulera Plasmodium falciparum m'labotale mu 1976, panafunika njira yodziwira msanga ngati mankhwala akupha tizirombo kapena ayi, popanda kuwerenga kamodzikamodzi pa maikulosikopu. Mu 1979 Robert Desjardins ndi anzake a ku Walter Reed, malo a kafukufuku a asilikali a ku America, anapeza yankho. Anathira hypoxanthine woikidwa chizindikiro cha tritium, mtundu wa haidirojeni wotulutsa cheza choyezeka, m'magazi okhala ndi tizirombo. Selo lofiira la magazi a munthu lilibe phata ndipo silipanga DNA kapena RNA, choncho chizindikiro chilichonse chopezeka mu DNA ndi RNA chimakhala kuti chalowetsedwa ndi kachirombo kamoyo. Chizindikiro chikachuluka, mankhwala alephera. Chikachepa, agwira. Kwa zaka zoposa makumi awiri imeneyi inali njira yaikulu yoyesera mankhwala atsopano a malungo ndi kuona kumene tizirombo tayamba kupirira mankhwala akale. Umbava womwewu ndi umene ofufuza ena akufuna kuusandutsa msampha, popanga mankhwala otseka ma enzaimu amene kachiromboka kamabera nawo, poti munthu ali ndi njira ina yothawira pomwe iko kalibe.

Tibwerere kwa xanthine oxidase, chifukwa ili ndi khalidwe lina limene sitinalitchule. Pamene ikusandutsa hypoxanthine kukhala uric acid, imatha kutaya ma elekitironi ake pa mpweya wa okosijeni, n'kutulutsa superoxide ndi hydrogen peroxide, tinthu tolusa totha kuwononga mafuta, mapuloteni ndi DNA ya selo. Joe McCord ndi Irwin Fridovich anagwiritsa ntchito enzaimu imeneyi ngati gwero la superoxide pamene anapeza superoxide dismutase, enzaimu yochotsa superoxide, mu 1969, ndipo kuyambira pamenepo ofufuza akafuna superoxide m'botolo amangosakaniza xanthine oxidase ndi xanthine kapena hypoxanthine. Mu 1981 Neil Granger, Gianfranco Rutili ndi McCord anafotokoza chinthu chomwe chinkaoneka chosemphana ndi nzeru. Chiwalo chikasowa magazi, ATP amagumuka, hypoxanthine amaunjikana, ndipo sangapitirire chifukwa palibe okosijeni. Magazi akabwerera, okosijeni amapeza nkhuni zitaunjikidwa kale, moto n'kubuka. Mbali ina ya kuwonongeka imachitika pa nthawi ya kupulumutsidwa, osati ya kusowa. Walira mvula walira matope.

Dokotala wa ana wa ku Norway, Ola Didrik Saugstad, anali ataonetsa kale mu 1975 kuti makanda amene anabanika pobadwa amakhala ndi hypoxanthine wokwera m'magazi. Atalumikiza mfundo ziwirizi anafunsa funso limene ambiri sanalikonde: kodi n'chanzeru kupopera okosijeni wa 100 peresenti mwa khanda lodzaza ndi hypoxanthine? Panthawiyo kuchita zimenezi kunali lamulo losatsutsika m'zipinda zoberekera. Kafukufuku amene iye ndi anzake anachita m'mayiko angapo m'zaka za m'ma 1990 anaonetsa kuti mpweya wamba, wokhala ndi okosijeni 21 peresenti, umatsitsimutsa makanda mofanana, ndipo zotsatira zonse zitaphatikizidwa zinaonetsa kuti ochepa ankamwalira. Mu 2010 malangizo a padziko lonse anasinthidwa kuti khanda lobadwa pa nthawi yake liyambe kutsitsimutsidwa ndi mpweya wamba.

Sizikutanthauza kuti xanthine oxidase ndiye mfiti ya matenda onse. Mtima wa munthu uli ndi enzaimu imeneyi yochepa poyerekeza ndi wa khoswe, ndipo kafukufuku wa pambuyo pake waonetsa kuti superoxide wambiri wa pa nthawi imene magazi akubwerera amachokera m'ma mitochondria, tizigawo ta selo topanga mphamvu. Kafukufuku wamkulu wa ku Britain wotchedwa ALL-HEART, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022, anapeza kuti kupatsa allopurinol anthu odwala mitsempha ya mtima koma opanda gout sikunachepetse imfa, sitiroko kapena kudwala mtima mwadzidzidzi. Mfundo yokoma m'botolo la labotale imayenera kukaonekera kwa odwala enieni, ndipo imeneyi pa mtima siinapambane.

Thupi likafa, njira zonse ziwiri zimatsekeka nthawi imodzi. Palibenso mphamvu zopangira PRPP woti HPRT igwiritse ntchito, palibenso okosijeni woti xanthine oxidase ipitirize nayo. Koma ma enzaimu ogumula ATP safuna zimenezi, amangopitiriza. Mu nsomba yongophedwa kumene, ATP amasanduka IMP m'maola ochepa, ndipo IMP ndi mmodzi wa tinthu topatsa nyama kukoma kwake kwa msuzi. Masiku akamapita IMP amatsikira ku inosine, kenako ku hypoxanthine, amene amawawira pang'ono pakamwa. Mu 1959 ofufuza a ku Japan anakonza muyeso wotchedwa K value, woyerekeza kuchuluka kwa inosine ndi hypoxanthine ndi zonse zochokera ku ATP, ndipo makampani a nsomba amaugwiritsabe ntchito podziwa kuti nsomba yakhala nthawi yaitali bwanji isanayambe n'kununkha komwe. Madokotala oyeza mitembo amachita zofanana. Amatenga ndi jakisoni timadzi tolenda ta mkati mwa diso, totetezeka ku tizirombo kwa nthawi yaitali kuposa magazi, n'kuyeza hypoxanthine pamodzi ndi potaziyamu. Zonse ziwiri zimakwera pang'onopang'ono maola akamapita, mofulumira kukatentha, mochedwa kukazizira, ndipo pa manambala amenewo amawerengera chambuyo kuti mtima unaima nthawi yanji.